Makobidi m'Dothi Lofiira

Makina amandimvera ine. Funsani aliyense amene anagwirapo nane ntchito. Ndinatuluka pageti pa bambo anga ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, m'thumba muli sipanala imodzi yokha, ndipo kuchokera apo ndagonapo pafupi ndi injini za sitima zapamadzi zazitali kuposa msewu wathu wonse. Ndakonzapo mapampu pansi pa mgodi, kumene thukuta limadzaza nsapato. Ndayendetsapo thiraki m'dziko lina lozizira moti ukalavula, malovu amagwa pansi ngati kamwala. Lero ndili ndi magalaja atatu, antchito ondipatsa moni ataimirira, ndi mimba imene imalowa m'nyumba ine ndikadali pakhonde. Zonsezi ndi manja awiriwa.

Ndikunena izi kuti mudziwe kuti amene anapusitsidwa m'nkhaniyi si munthu wamba.

Bambo anali kalipentala. Ankafuna kuti ine, mwana woyamba, ndilowe m'shedi mwawo n'kudzafa ndi utuchi m'mphuno. Tsiku limene ndinanyamuka anaima pageti atagwira hamala, nati, "Ukapita usavutike n'kulemba kalata. Sindidzawerenga." Ine ndinalemba basi. Doko lililonse, mzinda uliwonse, ndinkatumiza kalata, ndipo pakona pake ndinkamata khobidi limodzi la dziko limenelo. Lina lobowoka pakati, lina la makona asanu ndi awiri, lina lojambulidwa mbalame ya khosi lalitali, lina lopepuka ngati batani la malaya. Zaka makumi awiri ndi zinayi, yankho silinabwere ngakhale limodzi. Nditabwerera kudzakhazikika tinkaonana, tinkakamba za mvula ndi za matabwa a masiku ano osauma bwino, koma za makalata sanatchulepo. Ndipo ine, amene ndinakalipirapo kaputeni wa sitima pamaso pa anthu ake, ndinkaopa kufunsa.

Anamwalira ine ndili paulendo wokagula mainjini. Maliro atatha, mkazi wanga anandiuza zimene zinachitika kuchipatala kutatsala masiku awiri kuti amwalire.

"Anandigwira dzanja," iye anatero, "n'kunena kuti, 'Mukamuuze woyendayenda uja kuti tindalama take tonse tili m'botolo. Ndinakwirira pabwalo, chaka chija anatilowera akuba.'"

Ndinathamangira kwa mng'ono wanga. Iye ndi telala, sanachokepo pakhomo, ndipo ndi amene ankasamala bambo mpaka tsiku lomaliza. Kuyambira ali mwana timamutchula Chete, chifukwa mawu ake amawatulutsa ngati akuwagula.

"Achimwene, masiku amenewo ankabwebweta," anatero osakweza maso pansalu. "Namwino ankamuitana ndi dzina la amayi."

"Ndiye botololo palibe?"

"Ine sindikudziwa."

Malo a bambo aja tinagulitsa, ine ndi Chete titagwirizana. Wogula anagwetsa nyumba ndi shedi, akufuna kumangapo chinyumba chosungiramo katundu. Kapitawo wa omanga anandiuza kuti Loweruka athira konkire pabwalo lonse. Linali Lamlungu. Ndinali ndi masiku asanu oti ndidziwe chinthu chimodzi: kaya bambo anasunga zimene ndinkawatumizira, kaya ankaziponya m'dzala ndi envelopu yomwe.

Sindinade nkhawa. Ndili ndi makina ofufuzira zitsulo pansi amene ndinagula kunja: ndodo yaitali, chimbale chozungulira kunsi kwake, kabokosi ka mabatani opotokola, ndi mahedifoni. Ndi makina amenewa ndinatolapo mphete zitatu mumchenga tsiku limodzi, mwini hotelo mpaka kundipempha kuti ndisachoke. Botolo lodzaza makobidi pabwalo limene ndinakulirapo? Ndinauza mkazi wanga kuti atereke tiyi, ndibwera asanazizire.

Lolemba m'mawa ndinapeza Chete atafika kale ndi fosholo yobwereka kwa kapitawo. Anali atatseka shopu yake. Ndinamuwomba pamsana mpaka anatsokomola. Omanga anasiya kuwongola waya n'kubwera kudzaonerera, ndipo aneba anatulutsa mitu pamwamba pa mpanda.

"Bwana, mukusaka golide?" kapitawo anafunsa. "Mukapeza mukumbukire kuti fosholoyo ndi yanga."

"Tchera khutu, mphwanga," ndinauza Chete. "Lero uphunzira zaulere."

Ndinayatsa makina n'kutsitsa chimbale pansi. Analira. Ndinasuntha, analira. Ndinapita pakona, analira ngati nkhumba yopanikizika pampanda. Ndinavula mahedifoni makutu akuchita nthwii, omanga aja akugwirana m'mapewa ndi kuseka.

"Ndiye kuti bwalo lonseli ndi golide!" anafuula kapitawo. "Anyamata, siyani simenti!"

Ine sindinatekeseke. Ndinatulutsa maginito m'thumba, n'kuikhwekhwereza m'dothi, n'kuikweza m'mwamba. Inatuluka itamera ndevu zakuda.

"Mwaona? Dothi lofiira la katondoli lili ndi chitsulo chakechake. Makinawa akumva dothi lenilenilo, ndiye khobidi lingalankhule bwanji pa phokoso lotere? Sabata yoyamba m'sitima sugona chifukwa cha injini. Ukaizolowera suimvanso, koma kabawuti kakangomasuka penapake umadzuka. Makinawanso uyenera kuwazoloweretsa dothi."

Kachitidwe kake n'kosavuta. Umapeza malo oyera, opanda chitsulo chilichonse pansi. Pamenepo umakweza chimbale n'kutsitsa, kukweza n'kutsitsa, ngati ukupopa tayala, uku ukupotokola batani pang'onopang'ono mpaka makina atasiya kudandaula. Akakhala chete ndiye kuti dothi alizolowera, ndipo chimene chingawalize tsopano ndi chitsulo chenicheni. Vuto linali loti pabwalo limene kalipentala anagwirirapo ntchito zaka makumi asanu, malo opanda msomali ungawapeze kuti?

"Apa, achimwene," anatero Chete, akuloza ndi phazi. "Panali thanki ya madzi zaka zonse zija. Msomali sukanagwerapo."

"Mwamumva mng'ono wangayu? Salankhula, koma akalankhula ndi injiniya!"

Ndinaima pamenepo n'kuyamba kupopa. Phokoso lalikulu lija linatha msanga, koma kunatsala kamawu kena pansi pake, kofewa, kobulungira, kongomveka chimbale chikafika pansi. Ndinapotokola batani. Kanalipobe. Ndinapotokolanso. "Dothi louma mutu ngati mwini wake," ndinatero, anthu n'kuseka. Nditapotokola kachitatu, kanazimiririka. Zii. Ndinakweza manja ngati wosewera mpira amene wagoletsa, ndipo Chete anatola njerwa n'kuiika pambali pake kuti mawa tisadzasowe malowo.

Lamulo la ntchitoyi ndimalidziwa. Ukatchuna pamalo amodzi umasuntha mapazi angapo n'kutchunanso, kuti utsimikize kuti malo oyambawo analidi oyera. Munthu amene anandigulitsa makinawa anandiuza zimenezo kawiri. Koma anthu anali atandiseka kale kamodzi, aneba anali akuyang'ana, ndipo mng'ono wanga anali atanena. Ndani amayeza mawu a mng'ono wake ndi makina?

Ndinamanga zingwe n'kugawa bwalo m'mizere. Ndinayenda mzere ndi mzere, chimbale chikusesa kumanja ndi kumanzere, Chete ali pambuyo ndi fosholo. Makina akalira, iye ankakumba. Tinafukula misomali yodzaza ndowa. Tinafukula mahinjesi a zitseko, supuni yopindika, kiyi wa njinga, ndi tchizulo ya bambo yogwira dzimbiri, imene anatimenyera tonse awiri itasowa tili ana. Chete anaipukuta pa thalauza n'kuiika m'thumba.

M'mawa uliwonse ndinkayambira panjerwa paja. Kamawu kaja kankabwera, ine ndinkakathamangitsa ndi batani, kenako ntchito. Koma makina sankakhazikika. Panjerwa ankakhala chete, ndikangochokapo ankayamba kung'ung'udza ngati wailesi yosagwira siteshoni.

Lachitatu mkazi wanga anabwera ndi chakudya chamasana, n'kukhala pa mulu wa njerwa akundiyang'ana.

"Bambo a ana, bwanji osayesa kutchunira pena? Mukuti akung'ung'udza paliponse kupatula apo."

"Mayi, ine ndikakupezani mukusoka batani ndimakuuzani pobaya singano?"

"Mumandiuza."

"Makinawa ndawoloka nawo nyanja ziwiri. Vuto ndi dothi."

Chete anali akumwa madzi. Anayang'ana mlamu wake, n'kuyang'ana njerwa, n'kupitiriza kumwa.

Lachinayi kunagwa kamvula, dothi linanyowa, makina anapenga kuposa kale. Ndinachepetsa mphamvu, ndinakweza, ndinayenda ngati nkhono. Ndinafufuza ngakhale pamene panali chimbudzi chakale. Kapitawo anasiya nthabwala zake n'kuyamba kundibweretsera mpando. Lachisanu madzulo, dzuwa likupendeka, ndinamaliza mzere womaliza kachiwiri. Panjerwa ndinadutsitsapo chimbale kangapo masiku onsewo, ndipo makina sananene kanthu.

Ndinakhala pampando uja nsapato zitalemera ndi matope.

"Anataya," ndinatero. "Mwina sankatsegula n'komwe. Zaka makumi awiri ndi zinayi ndikunyambita maenvelopu, iwo akuyatsira moto."

"Pepani, achimwene."

"Iwe wayesetsa. Manja ako taona, matuza okhaokha. Telala ndi fosholo!"

Ndinamukumbatira. Mawa lake, magalimoto a konkire akukhuthula pabwalo, ine ndinali m'sitolo kumugulira makina osokera amagetsi, abwino kuposa onse amene anali pashelefu. Ndinanyamula ndekha mpaka kushopu kwake. Ndinamuuza kuti bambo ndawataya kawiri, koma mng'ono ndamupeza.

Panapita masabata atatu. Sindinkadya bwino, ine amene mbale sindiibweza ndi kanthu. Mkazi wanga anati ndigulitse makinawo, akungondikumbutsa zowawa. Ndinavomera, koma munthu ngati ine sagulitsa chinthu chakufa. Ndinati ndiyambe ndawayesa. Kuseri kwa nyumba yathu dothi ndi lofiira lomwelo. Ndinatenga botolo la jamu, ndinathiramo makobidi amene anatsala m'dirowa pa maulendo anga, ndinakumba dzenje lakuya mpaka phewa, n'kukwirira n'kupondaponda.

Ndinatchunira patali, pafupi ndi chingwe choyanikira zovala. Ndinasuntha n'kutchunanso, monga mwa lamulo. Makina anakhala bata, osang'ung'udza ngakhale pang'ono. Ndinayenda mpaka pamwamba pa botolo n'kutsitsa chimbale.

Kamawu kofewa, kobulungira.

Ndinaima osapuma. Ndinakweza chimbale, kanachoka. Ndinatsitsa, kanabwera. Dzanja langa linapita lokha pabatani. Kamodzi. Kawiri. Kachitatu. Zii. Ndinasesa pamwamba pa botolo limene ndinakwirira ndi manja anga, makina osanena kanthu. Nditasuntha mapazi awiri, anayamba kung'ung'udza.

Mkazi wanga anandipeza nditakhala pansi, pa dothi, ndi thalauza langa loyera.

"Bwanji? Ndi mtima?"

"Bambo ankandiitana panjerwa paja, mayi. M'mawa uliwonse ankandiitana, ine n'kumawatseka pakamwa."

Shopu ya Chete ndi kachipinda kamodzi, kopapatiza, kodzaza masiketi a sukulu opachikidwa pawaya. Ndinamupeza akupalasa makina ake akale ndi phazi, mapini ali pakamwa. Amagetsi aja anali pansi pa tebulo, m'katoni yosatsegula, pamwamba pake ataikapo ayironi.

"Takulandirani, achimwene. Samalani mimbayo, mugwetsa masiketi a eni."

"Pansi pa thanki panali chiyani?"

Phazi linasiya kupalasa. Anachotsa mapini pakamwa limodzi limodzi n'kuwabaya pa kapilo.

"Mwachedwa kuzindikira. Ine ndimayesa Lachitatu lija alamu akuuzani zokwanira."

"Chete, ndikufunsa."

"Dzenjelo ndinakumba ndine. Tinakhuthula thanki, tinaisuntha, ndinakumba mpaka anati basi. Iwo anangogwira botolo, ngati agwira khanda. Kenako tinabwezeretsa thanki."

Ndinagwira tebulo. Ndinkafuna kukuwa, ine amene mawu anga amamveka kudutsa injini, koma chimene chinatuluka n'chaching'ono.

"Makobidi onse?"

"Onse. Lobowoka pakati lija analimangirira kaulusi kofiira, ulusi wanga. Tisanawakwirire, Lamlungu lililonse ankawayala pa benchi n'kuwapukuta ndi nsanza, akundiwerengera makalata anu. 'Tamva, mkulu wako ali kumene dzuwa sililowa.' Ine n'kuti ndikuchapa zofunda zimene aipitsira."

"Ukanandiuza! Ndikanabwera, ndikanatumiza munthu!"

"Mukanatumiza munthu, eya. Inu mumatumiza. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikuwanyamula kupita nawo kubafa, achimwene. Tsiku lomaliza anandigwira tsaya n'kunditchula dzina lanu. Ndinayankha kuti ndine, kuti apite bwino."

Kasitomala wina anasuzumira pakhomo ndi thalauza m'manja, anationa nkhope, n'kubwerera.

"Ndiye unaima pambuyo panga masiku asanu," ndinatero. "Unandiona ndikukumba chimbudzi. Unandimva ndikunena kuti bambo ankayatsira moto makalata anga, iwe n'kuti pepani."

"Ine ndinangoloza ndi phazi. Batani munkapotokola ndinu."

"Unati sukudziwa!"

"Pamenepo ndinanama." Anatenga sizasi n'kuiikanso pansi. "Tsiku loyamba ndinkati ndikusiyeni muvutike mpaka masana, kenako ndinene. Koma munakweza manja, anthu akuwomba m'manja. Tsiku lachiwiri munauza omanga aja za hotelo ndi mphete. Tsiku lachitatu munanyoza alamu. Tsiku lililonse ndinkadikira kuti mundifunse funso limodzi, loti bambo ankakhala bwanji inu kulibe. Simunafunse. Munkandiuza za nyanja."

"N'chifukwa chake wandikwirira bambo anga pansi pa konkire?"

"Ndi anganso."

Ndinayang'ana katoni ija pansi pa tebulo. Iye anaona.

"Tengani, sindinatsegule."

Sindinatenge. Potuluka ndinagwetsadi masiketi, ndipo sindinatole.

Ndinayendetsa galimoto molunjika kumalo kuja. Makoma anali atafika kale m'chiuno. Bwalo lonse limene ndinaphunzirirapo kuyenda linali chimwala chimodzi chotuwa, chosalala. Kapitawo anabwera akupukuta manja.

"Bwana wa golide! Mwabwera kudzatifunira mafuno abwino?"

"Ndikufuna kuswa pang'ono apa. Mita imodzi basi. Ndibwezeretsa ndekha, kuposa mmene munathirira."

Anaseka, kenako anaona kuti sindikuseka.

"Bwana, pansi apa pali waya wolukana bwalo lonse, ndiye pamwamba konkire yokhuthala chonchi. Mwiniwake akuti padzayenda magalimoto onyamula katundu. Mukaswa, ntchito yanga yathera pomwepo. Komanso apa mukunenapa ndi pati? Njerwa yanu ija inalowa m'khoma kalekale."

Ndinayang'ana uku ndi uku. Geti kulibe, shedi kulibe, mtengo umene ndinkayezera mizere anadula. Ine amene ndinalowetsapo sitima padoko kuli nkhungu, sindinathe kuloza pamene panali thanki ya kwathu.

Ndinatsitsabe makina m'galimoto. Ndinavala mahedifoni, ndinayerekeza mapazi kuchokera pamene ndinkaganiza kuti panali khomo la kukhitchini, n'kutsitsa chimbale pa konkire. Waya uja anawaliza mpaka mano anga ananjenjemera. Ndinapotokola batani mpaka kumapeto. Ndinabwerera nalo mpaka kumapeto enawo. Ndinachepetsa mphamvu mpaka kutsala pang'ono kuzima. Paliponse kulira kunali kumodzimodzi, ndipo pansi pa kulirako, penapake, panali khobidi lobowoka lomangidwa kaulusi kofiira.

Omanga sanaseke ulendo uno. Kapitawo anandibweretsera mpando uja.

Mwini malowo ndamuonapo kawiri. Akuti ayi, ndipo akuti ndikapitanso ndi makina anga aitana alonda. Mkazi wanga amati ndithokoze, chifukwa chimene ndinkafuna kudziwa ndachidziwa: bambo ankawerenga. Ndi zoona. Koma ndinachimva kuchokera pakamwa pa munthu amene anandigwirira fosholo masiku asanu akudziwa, ndipo nthawi iliyonse ndikaganiza za bambo akupukuta makobidi pa benchi, ndimaonanso phazi lija likuloza.

Sabata yatha kolala ya shati yanga inang'ambika. Ndinadutsa pakhomo pa shopu ya Chete, ndinamva makina ake akale akugogoda mkati, n'kupitirira nayo kwa telala wina wa kumsika, amene anaisoka mokhota.